Tsobola Wakale wa ku Shibuya

Akuluakulu anati tsobola wakale saŵaŵa, ndipo ife achinyamata mwambi umenewu timaukonda kwambiri chifukwa umatipatsa danga lonyoza chiri chonse chimene tinachipeza padziko pano. Nyimbo ya chaka chatha timati yaguga, ya zaka khumi zapitazo timati nja madala, ndipo ya nthaŵi ya agogo athu sitiiŵerengera nkomwe kuti ndi nyimbo. M'nkhani ino ndifuna kukuuzani, anzanga oŵerenga, za anyamata ndi atsikana ena a mumzinda wa Tokyo ku Japan amene anautsutsa mwambiwu. Iwo anatola tsobola amene eni ake anali atamtaya kudzala, namsinja pamodzi ndi ng'oma za makina, ndipo anthu anavina mpaka ku New York ndi ku Berlin. Nyimbo zawozo zakhala zikundisautsa m'maganizo kwa miyezi ingapo tsopano, pakuti funso limene ziri nalo ndi lomwelo limene limativuta ife amene tikuphunzira kulemba: kodi munthu angatenge za eni mpaka pati asanatchedwe mbala, nanga zimene watengazo zimasanduka zake liti?

Nyimbozi zinandipeza zokha. Amalume anga amayendetsa galimoto ya hayala mumzinda wa Blantyre, ndipo monga momwe aliri magalimoto ambiri a m'misewu yathu, yawoyo inagwirapo kale ntchito ku Japan isanakwere sitima ya pamadzi kudzatsikira ku Dar es Salaam. Aliyense amene anakwerapo galimoto yotere akudziŵa khalidwe lake. Ukangoiliza, mawu a mzimayi amakulonjera m'Chijapani, ndipo wailesi yake imalekezera pa nambala 90, chifukwa panthaŵi imene inkapangidwa nyumba zoulutsira mawu za kwawoko zinkayambira pa 76 kulekeza pa 90. Motero nyumba zambiri za kuno siizigwira. Koma m'kati mwa wailesiyo muli mosungira nyimbo, ndipo mwini wake woyamba, munthu amene sitidzamuona mpaka kalekale, sanafafanize zimene anasungamo. Maina ambiri anali m'zilembo za kwawo, koma ena anali m'zilembo zathu zomwezi: Pizzicato Five, Towa Tei, Fantastic Plastic Machine, Capsule. Patchuthi ndinkawathandiza amalume kutsuka galimotoyo m'mamaŵa, ndipo ndinkatsuka pang'onopang'ono dala kuti nyimbo ithe kaye. Mainawo ndinawalemba pachikuto cha kope langa, ndipo sukulu itatsegulidwa ndinayamba kufufuza za eni ake.

Kwa inu amene simunazimvepo, ndiyese kufotokoza mmene zimamvekera. Pamwamba pamakhala zinthu zofeŵa: gitala wokhwatchula modekha monga amaimbira anthu a ku Brazil, chitoliro, malipenga, mavayolini ambirimbiri olira pamodzi, ndi mawu a mkazi woimba ngati akugoneka mwana. Zoterezi ndi nyimbo zimene kale zinkaimbidwa m'zipinda zochezera za m'mahotela, zoti anthu azimwa zakumwa zawo ndi kukamba nkhani osasokonezedwa. Azungu amazitcha lounge, dzina la chipinda chochezeracho. Koma pansi pa zofeŵazo pamagunda ng'oma ya makina, yosatopa ndi yosaphonya, yogunda kanayi kanayi mofanana, kaŵirikaŵiri koposa ka 120 pa mphindi imodzi. Kagundidwe kameneka nka nyimbo za house, zimene zinabadwira m'nyumba zovinira za anthu akuda mumzinda wa Chicago m'zaka za m'ma 1980. Nthaŵi zina ng'omayo imathamanga moduladula monga zimachitira nyimbo za drum and bass za ku London. Tsono khutu limamva za 1965 pamene mwendo ukumva za 1997, ndipo munthu umasoŵa chochita, kukhala pansi kapena kuimirira.

Kuti timvetse gwero lake tiyambire ku Hawaii. M'zaka za m'ma 1950 kumeneko kunali woimba piyano wa ku America, Martin Denny, amene ankasangalatsa alendo pahotela ina ku Waikiki. M'chaka cha 1957 anatulutsa chimbale chotchedwa Exotica, ndipo dzinali linasanduka dzina la mtundu wonse wa nyimbo zotere. Anyamata a m'gulu lake ankalira ngati mbalame ndi achule kuti womvera aziona ngati ali m'nkhalango ya kutali. Nyimbo yake yotchuka, Quiet Village, anaitenga kwa Les Baxter, amene anaiika pachimbale cha 1951 chotchedwa Ritual of the Savage, kunena kwake mwambo wa munthu wakutchire. Apa nkhaniyi ikutikhudza ndi ife, pakuti munthu wakutchire amene ankamnenayo anali munthu wa kuzilumba, wa ku Asia kapena wa kuno ku Africa. Nyimbozi zinali maloto a mzungu wa ku America atakhala pampando wa khushoni kunyumba kwake, kulota maiko akutali monga momwe iye ankafunira kuti akhalire. Pakati pa malotowo panali nyimbo ya Denny ya 1959 yotchedwa Firecracker, yoyerekeza kaimbidwe ka anthu a kum'maŵa.

M'chaka cha 1978 anyamata atatu a ku Tokyo, Haruomi Hosono, Ryuichi Sakamoto ndi Yukihiro Takahashi, anayambitsa gulu lotchedwa Yellow Magic Orchestra. Pachimbale chawo choyamba anaikapo Firecracker yomwe ija, koma ataiimba ndi zoimbira zamagetsi zoyendetsedwa ndi kakompyuta ka kampani ya Roland kotchedwa MC-8. Taganizani bwino chimene chinachitika apa. Mlendo anajambula chithunzi chabodza cha anthu a kum'maŵa. Eni ake m'malo mochiotcha anachitenga, nachipaka utoto wonyezimira, nkukachigulitsa kwa mlendo yemwe uja. Ndipo chinagulidwadi, pakuti nyimboyo inavinidwa ku America, makamaka pakati pa anthu akuda, kotero kuti mu 1980 gululi linaitanidwa ku pologalamu ya pa kanema ya Soul Train. Chaka chomwecho kampani ya Roland, imene Ikutaro Kakehashi anaiyambitsa ku Osaka mu 1972, inatulutsa ng'oma ya makina yotchedwa TR-808. Oimba ambiri anaikana chifukwa sinkalira ngati ng'oma yeniyeni, ndipo kampaniyo inangopanga pafupifupi 12,000 nkusiya. Koma mu 1982 inamveka mu Sexual Healing ya Marvin Gaye ndi mu Planet Rock ya Afrika Bambaataa, ndipo kuyambira pamenepo kugunda kwake kwakhala msana wa nyimbo zambiri zovina padziko lapansi. Takahashi ndi Sakamoto anamwalira onse aŵiri mu 2023, woyamba mu Januwale, winayo mu Malichi.

Nyimbo za m'galimoto ya amalume ndi zidzukulu za zimenezi. Shibuya ndi dera la mumzinda wa Tokyo lodzaza masitolo a zovala ndi a nyimbo, kumene achinyamata amakonda kukumana. Mu 1985 maiko asanu olemera anapangana ku Plaza Hotel ku New York kuti dola ya America itsike mphamvu, ndipo pofika kumapeto kwa 1987 yeni ya ku Japan inali itakwera mphamvu pafupifupi kaŵiri. Katundu wakunja anatchipa, ndipo mbale za galamafoni ndi ma CD ochokera ku Ulaya ndi ku America zinasefukira m'masitolo a ku Shibuya: Tower Records, imene inatsegula kumeneko mu 1981, HMV, imene inatsegula mu 1990, ndi timasitolo tambirimbiri ta mbale zakale m'tinjira ta Udagawacho. Mwana wa sukulu wokhala ndi ndalama pang'ono m'thumba ankatha kugula bossa nova ya João Gilberto ndi Antônio Carlos Jobim, nyimbo za Burt Bacharach, za Serge Gainsbourg wa ku France, ndi za m'mafilimu a ku Italy amene ngakhale kwawo anthu anali atawaiŵala. Ana amenewa anakula akuvundukula milu ya mbale monga amavundukulira kaunjika amayi athu pamsika, kufunafuna chimodzi chabwino pakati pa zambiri zopanda pake. Atayamba kupeka zawo, anthu anazitcha Shibuya-kei, ndiko kunena kuti za mtundu wa ku Shibuya.

Mmodzi mwa akuluakulu awo anali Yasuharu Konishi wa gulu la Pizzicato Five, munthu wodziŵika ndi kusonkhanitsa mbale zakale. Gululi linatulutsa mbale yake yoyamba mu 1985 kudzera mwa Hosono yemwe uja, koma linatchuka kwenikweni Maki Nomiya atakhala woimba wawo mu 1990. Nomiya ankavala ngati atsikana a m'magazini a ku London ndi ku Paris a m'ma 1960, ndipo Konishi ankamumangira nyimbo kuchokera ku tizidutswa. Chida chothandiza pantchitoyi ndi sampula, makina amene amajambula kachigawo ka nyimbo ya pambale, mwina masekondi aŵiri okha, nkumakabwereza kapena kukafulumizitsa monga mwini afunira. Kampani ya Akai, ya ku Japan komweko, inali pakati pa zotchuka popanga makina otere. Motero lipenga la munthu amene anamwalira kalekale linkatha kulira limodzi ndi ng'oma imene yapangidwa dzulo. Mu 1994 kampani ya Matador ya ku New York inasonkhanitsa nyimbo zawo pachimbale chotchedwa Made in USA, ndipo gululi linapitiriza mpaka linatha mu 2001. Panalinso Keigo Oyamada, amene anayamba ndi gulu la Flipper's Guitar, nadzadzitcha Cornelius potengera nyani wa m'filimu ya Planet of the Apes. Chimbale chake cha Fantasma cha 1997 chimadumpha kuchoka ku kaimbidwe ka Beach Boys kupita ku phokoso la magitala ngati munthu wopotokola wailesi.

Amene ndimamkonda koposa ndi Towa Tei, chifukwa mbiri ya nyimbo yake imodzi ikuonetsa mmene kubwerekana kumazungulirira. Iye anabadwira ku Japan m'banja la Chikoreya, napita ku New York kukaphunzira zojambula. Kumeneko analoŵa gulu la Deee-Lite, limene mu 1990 linatchuka ndi Groove Is in the Heart, nyimbo yomangidwa pa kagundidwe ka besi kotengedwa m'nyimbo imene Herbie Hancock anapekera filimu ya Blow-Up ya 1966. Atabwerera kwawo anatulutsa chimbale cha Future Listening! mu 1994, ndipo m'nyimbo ya Technova anaitana Bebel Gilberto, mwana wa João Gilberto uja, kuti aimbe m'Chipwitikizi pamwamba pa makina. Patapita zaka zinayi, gulu la anyamata akuda a ku New York, A Tribe Called Quest, linadula kachidutswa ka mawu a Bebel mu Technova nkumangapo nyimbo yawo ya Find a Way. Tamvani ulendo wa kamawu kamodzi: Brazil, Japan, America, ndipo Technova mwini wakeyo ndinammva akulira pa siteji ya mahayala ku Limbe, pakati pa ogulitsa nthochi ndi oitanira minibasi.

Aŵiri otsalawo akuonetsa mmene ng'oma inakulira pang'onopang'ono mpaka kumeza zofeŵa zija. Fantastic Plastic Machine ndi munthu mmodzi, Tomoyuki Tanaka wa ku Kyoto, amene ntchito yake inali yoika mbale m'nyumba zovinira. Chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1997 pa kampani ya Konishi ya Readymade, chachiŵiri, Luxury, mu 1998, ndipo nyimbo yake ya Bachelor Pad inaloŵa m'filimu ya Austin Powers ya 1999, filimu yoseka akazitape a m'makanema a m'ma 1960. Pofika 2001, pachimbale cha Beautiful, Tanaka anali atapendekera kwambiri ku house. Capsule ndi Yasutaka Nakata ndi Toshiko Koshijima, amene anayambira ku Kanazawa mu 1997. Poyamba ankatsata mapazi a Pizzicato Five, koma patapita zaka ngati khumi nyimbo zawo zinali zitasanduka zamagetsi zokhazokha, zolimba ndi zothamanga. Nakata ndiye anapekera nyimbo atsikana atatu a ku Hiroshima otchedwa Perfume, amene chimbale chawo cha Game chinakhala nambala wani pogulidwa ku Japan mu 2008. Chimbale cha mtundu wotere chinali chitachitapo zimenezi komaliza mu 1983, ndipo chinali cha Yellow Magic Orchestra.

Zonsezi ndinaziphunzira mwa kuŵerenga. Koma chimene chinandipatsa chifukwa cholembera nkhani ino ndinachimva kwa munthu amene sadziŵa kumene kuli Tokyo. Tsiku lina tinapita ndi amalume kumudzi ku Ntcheu kukawatenga agogo aamuna kuti adzaonetse maso awo kuchipatala. Agogo ndi munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ankagwira ntchito yoperekera zakudya ndi zakumwa pahotela ina ya azungu ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Pobwerera anakhala kutsogolo, ndodo yawo pakati pa miyendo. Titadutsa pa Balaka ndinatsegula nyimbo ina ya Fantastic Plastic Machine motsitsa mawu, poganiza kuti agona.

"Takweza pang'ono, mdzukulu wanga," anatero.

"Kodi agogo mumazidziŵa nyimbo za ku Japan?"

"Japan wake uti? Izi nza ku Salisbury izi. Lipenga ili ndi piyano uyu zinkalira usiku uli wonse m'chipinda chachikulu chija." Anakhala chete kwa kanthaŵi, kenaka anapitiriza. "Nyimbo izi ife tinkazimvera choimirira, thireyi kumanja, kansalu koyera pamkono. Ukapezeka ukugwedeza mutu, kapitao ankakuyang'ana ndi diso loti maŵa usabwerenso."

Amalume anandiyang'ana pa kalilole, kundiuza ndi maso kuti nditseke. Koma nthaŵi yomweyo ng'oma ya makina ija inaloŵa ndi mphamvu zake zonse, ndipo ndinamva ndodo ya agogo ikugunda pansi pa galimoto, osaphonya ngakhale kamodzi. "Ng'oma iyi ndiye kunalibe," anatero akuseka. "Akanaiika iyi, matebulo onse akanagubuduzika, ndi ife tomwe tikanataya mathireyi." Ulendo wonse wotsalawo anatisimbira za kumalokesheni kumene ankapita akaŵeruka, kumene anyamata a ku Nyasaland ankasonkherana kugula mbale za kwela nkuvina mpaka fumbi kobo.

Mawu a agogowo sanandichoke m'mutu. Lipenga limodzi lomwelo, kwa mnyamata wa ku Shibuya linali fungo la nyengo yokoma imene iye sanaione, pamene kwa agogo anga linali fungo la chipinda chimene sankaloledwa kukhalamo pansi. Apa ndi pamene ndiri ndi mlandu ndi nyimbozi. Sampula imadula lipenga bwinobwino, koma munthu wonyamula thireyi uja imamsiya kunja. Zaka za m'ma 1960 zimene Shibuya-kei imatipatsa nza ndege, zovala zokongola ndi matambula a galasi. Za zitupa zoyendera ndi makomo oloŵera kuseri mulibe. Wotenga za eni ayenera kudziŵa kuti chinthu chiri chonse chimabwera ndi mbiri yake, ndipo akachitsuka mpaka mbiriyo kutha, wachepetsa chinthucho.

Komabe sindifuna kuwaweruza ana a ku Tokyo ngati anthu osadziŵa mavuto. Kwa iwo zaka za m'ma 1960 zinali zaka zimene makolo awo anadzuka paphulusa la nkhondo: maseŵera a Olympics ku Tokyo ndi sitima yothamanga ya Shinkansen mu 1964, chionetsero cha maiko onse ku Osaka mu 1970. Pamene anawo ankakula, chiyembekezocho chinali chikutha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mitengo ya malo ndi ya masheya inagwa, ndipo chuma cha dzikolo chinaima kwa zaka zambiri. Mu Januwale 1995 chivomezi chinapha anthu oposa 6,000 ku Kobe ndi madera ozungulira, ndipo mu Malichi chaka chomwecho anthu a kagulu kena ka chipembedzo anathira mpweya wakupha m'sitima za pansi pa nthaka ku Tokyo. Zaka ziŵiri pambuyo pake a Pizzicato Five anatulutsa chimbale chansangala chimene anachitcha Happy End of the World, mathero osangalatsa a dziko. Munthu wotcha chimbale dzina lotere akudziŵa kuti kunja sikuli bwino. Ife amene timavina pa maliro a mfumu ndi kuseka pa siŵa tisadabwe nazo zimenezi.

Nanga za umbala? Mu 1991 bwalo la milandu ku New York linagamula kuti Biz Markie analakwa potenga kachigawo ka Alone Again (Naturally) ya Gilbert O'Sullivan popanda chilolezo, ndipo kuchokera pamenepo makampani a nyimbo anayamba kupempha ndi kulipira asanatenge. Lamulo liri ndi malo ake, ndipo wopeka nyimbo ayenera kudya thukuta lake. Koma pali chinthu china chimene lamulo siliyeza. Mbala imabisa kumene yatenga, pamene ana a ku Shibuya ankalozerana. Ankalemba timabuku tofotokoza mbale zakale zimene ankazikonda, ndipo mmodzi wa iwo, Toru Hashimoto, anayamba mu 1994 kusonkhanitsa nyimbo zoiŵalika za anthu akuda a ku America pa ma CD otchedwa Free Soul. Chimbale cha 1968 cha Roger Nichols and the Small Circle of Friends, chimene kwawo ku America sichinayende malonda, chinatulutsidwanso ku Japan nkupeza okonda ambiri. Wobwereka wa mtundu umenewu amabweza khasu litanoledwa.

Zoterezi si zachilendo kwathu kuno. Kwela inatchuka m'misewu ya Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, poimbidwa ndi anyamata a zitoliro za chitsulo amene iwonso anali atamvera jazi ya ku America. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaimva ali ana ku Salisbury, nabwera nayo kwawo, naisakaniza ndi kakhwatchulidwe kawokawo ndi chiyankhulo chathu. Mu 1967 katswiri wa zoimbaimba wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba ku Blantyre, ndipo pambuyo pake nyimbo zawo zinamveka mpaka ku Ulaya. Lero palibe Mmalaŵi amene angamve gitala wa Daniel Kachamba nkunena kuti ngwa eni. Anabwereka chitoliro, koma mpweya wouziramo unali wawo.

Ife olemba tiri m'bwato lomweli. Zilembo zimene ndikulembera nkhani ino zinabwera ndi amishoni. Nkhani yaifupi, buku la nthano yaitali, seŵero la pa nsanja, zonsezi tinazipeza m'kalasi. Pamisonkhano yathu timakonda kugwetsana ndi mawu akuti, "Izi nza Achebe," kapena, "Apa mwangotsata Okot p'Bitek," ndipo wolembayo amabwerera kuchipinda chake ataŵerama, mwina osadzabweretsanso kanthu. Ine ndikuti tisinthe mafunso. Tizifunsa ngati mnzathuyo akuchidziŵa bwino chimene watengacho, monga Konishi ankadziŵira mbale zake, kapena wangochimvera kwa ena. Tizifunsa ngati akuvomera kumene wachitenga. Ndipo koposa zonse tizifunsa ngati waikamo ng'oma yakeyake, chija chimene agogo anachizindikira msanga kuti ku Salisbury kunalibe. Ngati mafunso atatuwa ayankhidwa bwino, tisamtche mbala. Funso lachinayi ndi limene ana a ku Shibuya sanalifunse kwenikweni, ndipo ife tisalidumphe: kodi ndani anali ataimirira m'chipindamo pamene nyimboyo inkaimbidwa?

Pali kusiyana kumodzi kwakukulu pakati pa iwo ndi ife. Iwo anavundukula milu ya maiko ena chifukwa ndalama yawo inali yamphamvu. Ife ndalama yotere tiribe, koma mulu tiri nawo, ndipo sitinauvundukule. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo za bangwe, za kalimba ndi za pamtondo, ndipo zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University ku South Africa. Ndi angati mwa ife amene tinazimverapo? Pafupi pomwepa, m'nyumba za makolo athu, muli makaseti odyedwa ndi chinyezi, makalata ochokera ku migodi, mabuku a nyimbo othothoka zikuto. Agogo anga ali ndi bokosi lachitsulo pansi pa bedi, ndipo m'menemo muli mbale zimene anabwera nazo kuchokera ku Salisbury, zolemera zija zosachedwa kusweka. Galamafoni yake inafa ine ndisanabadwe. Adzukulu ang'onoang'ono aswa kale zingapo poziyendetsa ngati matayala, ndipo azakhali akulifuna bokosilo kuti azisungiramo zovala.

Maso a agogo sakuonanso bwino zilembo za pambalezo, koma mutu wawo ukadali wakuthwa. Tchuthi chikudzachi ndipita ku Ntcheu ndi kope. Ndizikatulutsa mbale imodzi imodzi, kuwaŵerengera dzina la nyimbo ndi la woimba, ndipo iwo azikandiuza amene anagula, ndalama zimene anasonkha, ndi amene anavina naye. Zimene nditoleko ndidzabwera nazo kuno kuti mudzazisefe monga mwa mwambo wathu, ndipo ngati mudzamvamo fungo la Tokyo, ndanena kale kumene ndalitenga. Chotsala ndi galamafoni. Ngati pali wina mwa inu amene akudziŵa kumene kuli yoti nkulira, kaya kwa agogo ake, kaya kumishoni, kaya kwa wokonza mawailesi, chonde asiye uthenga kwa akonzi a magazini ino sukulu isanatsekedwe.